Chotsani Dzanja pa Seva Yanga

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, mayi mwendo uja wayamba kupepuka. Moni ndalekeza pomwepa, chifukwa mtima wanga ukuwira.

Mukudziwa kuti mutachoka, kampani yamabasi ija inandipatsa mpando wanu woyang'anira makompyuta. Mwezi uno abwana anagula timakina tatsopano todulira matikiti, koma timakinato sitigwirizana ndi seva yakale, pulogalamu ija imene imayendetsa matikiti onse. Ndinaika mtundu watsopano wa seva m'foda yakeyake pakompyuta, n'kusintha sikiripiti ija, mizere ya malamulo oyatsira seva, kuti iziloza kumeneko. Nditayesa, zonse zinali myaa. Ndinaweruka ndikuimba nyimbo.

M'mawa mwake ndinapeza mzere wa anthu wafika mpaka kumsewu, odula matikiti atangogwira m'chiuno. Kutsegula sikiripiti, ikuloza kwakale! Ndinati mwina ndinaiwala kusunga, ndiye ndinakonzanso. Patangopita masiku, zomwezo. Abwana anandikalipira pamaso pa anthu kuti nthawi yanu zoterezi kunalibe. Anati zikachitikanso ndinyamule chikwama changa.

Ndinafika podzikayikira, achimwene. Mzere umodzi wa m'sikiripiti ndinkauwerenga kambirimbiri ngati mwana wongoyamba sukulu.

Ndiye dzulo alamu akundiimbira foni, ali mwetumwetu m'mawu, akuti ndikuthokozeni. Akuti mumalowabe mu seva yathu ndi akaunti yanu yakale, ndipo kawiri konse mwapeza kuti wina wasokoneza sikiripiti yanu. Inu n'kuibwezera mwakale, n'kuyatsanso seva mwakachetechete kuti ine ndisachite manyazi. Wina ameneyo ndine!

Kodi foni mulibe? Chala chimene chinafufuta mzere wanga chikanathyoka mukanandiimbira? Mwangoona kuti si mmene munasiyira, basi mwagamula kuti kamwana kalakwitsa. Ndinu otero kuyambira kalekale. Ndili wamng'ono munkandilanda pensulo n'kundilembera masamu, ine n'kukalephera mayeso ndekha. Nthawi imeneyo ndinkati zikomo. Lero ayi.

Kuti mumandikonda sindikukana. Koma chikondi chanucho chatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito, ndipo ndakwiya nanu kuposa mmene ndinakwiyirapo ndi munthu.

Lero m'mawa ndatseka akaunti yanu. Mukayesa kulowa n'kukanika, musati seva yafa. Ndine.

Chopempha changa n'chimodzi. Ndikawauza ine abwana, ati ndikunamizira munthu amene kulibe, poti kwa iwo inu simulakwa. Muwaimbire nokha, muwauze ndi pakamwa panu kuti wobweza sikiripiti munali inu, ndipo ntchito yanga inalibe vuto. Ndikudziwa kuti mawu oti ndinalakwa amakutsamwani, komanso dzina lanu labwino lija lida pang'ono. Lide basi. Langa lakhala m'matope mwezi wonse uno, inu mukugona tulo tabwino poganiza kuti mwathandiza.

Mayi sindinawauze. Mukapanda kuimba sabata ino ndiwauza zonse, ndipo mukudziwa kuti iwo akayamba, palibe batani lowazimitsira.

Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wofunsa musanagwire za eni. Mundiperekere moni kwa ana, makamaka kwa alamu, amene andipulumutsa osadziwa.

Ine mlongo wanu,
amene seva ili m'manja mwake tsopano