Firiji Yoswa Anapiye

Lolemba, 2 Juni

Buku lija anandisiyira mng'ono wanga ndalitsegula lero. Lachikasu, lonenepa, Chingerezi chake chofunika kutafuna bwinobwino. Iye akuphunzira za bizinesi, ndiye akuti achimwene werengani, mwina mutu ungatseguke. Mwano wa ana a masiku ano. Koma kasitomala wa firiji yodontha wandipeza nditakhala pa kompuresa yakufa, injini ya firiji, buku m'manja, kukamwa yasa.

Wolemba wake ndi mkulu wina wakunja. Chithunzi chake kuchikuto: dazi, magalasi aakulu. Ndikumutcha Magalasi. Anayambitsa makampani angapo, ena anagwa, ena akuyendabe. Tsamba loyamba lomwe, khofi kutsaya. Akuti chinthu chimene wapanga koma sichinatulukepo m'chipinda chako si bizinesi, ndi chidole chako.

Ndinacheuka. Pakona, firiji yanga yoswetsa mazira. Chaka chathunthu ndikuisisita. Ndinachotsa kompuresa, ndinaikamo mababu otenthetsa, kafani, chopimira kutentha, batire ya galimoto yothandiza magetsi akazima. Dzira silinalowemo ndi limodzi lomwe. Munthu ameneyu wandionera pati?

Abwana akale a kukampani yokonza mafiriji a m'masitolo aimbanso. Malo anga andisungira mpaka pa 30 mwezi uno, kenako alemba wina. Mayi a kunyumba akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sakunama. Lendi ya shopu ino akulipira ndi iwo chichokereni ine ntchito.

Lachiwiri, 3 Juni

Magalasi ndi mfiti, palibenso china. Lero akuti usafunse okukonda ngati chinthu chako ndi chabwino, adzakuyamikira mpaka ugwe. Ndendende! Wowotcherera zitsulo wa khomo linali amati ndine katswiri. Wometa tsitsi amati ndidzakwera ndege. Onse awiri alibe nkhuku ngakhale yachitopa.

Akuti funa munthu amene vutolo limamupweteka, amenenso saopa kukukhumudwitsa. Nkhope inabwera yokha: Amayi a Nkhuku, a kuseri kwa malo ogulitsa matabwa. Chaka chatha anandibwezera firiji yawo kawiri, akuti ikulira ngati thirakitala.

Ndinapita masana. Nkhuku zawo zimaikira bwino, koma zofungatira ndi zochepa, mazira ambiri amangogulitsa motchipa. Anandimvetsera uku akusesa khola. Kenako: “A Firiji, mazira ndi anga, makina ndi anu. Akafa mundiuza chiyani?” Ndinati safa. Anaseka moti nkhuku zinabalalika. Avomera mathireyi awiri a mazira. Akaswa, aganiza zogula makinawo.

Firiji ndaipukuta kawiri madzulo ano. Chimwemwe kapena mantha, kaya.

Lachinayi, 5 Juni

Firiji taisamutsa pa kagalimoto ka wowotcherera uja. Yaima m'chipinda cha Amayi a Nkhuku chosungira chakudya cha nkhuku. Yoyera mbee pakati pa matumba.

Mazira alowa. Ndawaonetsa amayi zonse. Chogwirira cha kunja chopendeketsa mathireyi, kuti mazira azitembenuka chitseko chisanatsegulidwe. Kapaipi kothirira madzi, nakonso kunja. Labala wa pachitseko watsopano. Ndinapanikiza pepala ndi chitsekocho, ndikuti kokani amayi. Linang'ambika, osatuluka. Umisiri wa mafiriji wagona pamenepo: mpweya wakunja ndi mdani. Ndawalamula kuti asatsegule wamba.

Anangoti, “Lamulo m'nyumba mwanga.” Koma amvera.

Lamlungu, 8 Juni

Tsiku lonse pakhonde ndi Magalasi. Mayi a kunyumba akuti ndakwatira wachiwiri wachikasu, ndimuuze azithandizako kuchapa.

Koma munthu uyu! Nkhani ya kampani yake yoyamba waikamba osabisa kanthu: momwe anabisira katundu wake zaka ziwiri kuopa kusekedwa, atamutulutsa n'kupeza kuti palibe womufuna. Munthu wolemera kudzivula chotere pamaso pa dziko lonse. Ife kuno tikagwa timati tinangopumula kaye.

Akuti kulephera msanga n'kotchipa, kulephera mochedwa n'kodula. Ndalemba mzere pansi pake mpaka bolopeni kuboola tsamba. Ndinawawerengera mayi mokweza. Iwo: “Chabwino. Nanga sukulu ya mwana alipira Magalasiwo?”

Lachinayi, 12 Juni

Lero ndaona chinthu!

Tsiku loyang'ana mazira ndi tochi. Pamafunika mdima, koma chipindacho chili ndi zenera lopanda katani. Amayi anabweretsa bulangete. Ndiye ine ndi iwo, akuluakulu awiri, mitu m'bulangete limodzi masanasana. Ndinagunditsa tochi ku dzira loyamba. Linayaka lonse mofiira. Mkati timitsempha, tating'ono kuposa tsitsi, tayala mbali zonse. Pakati kadontho kakuda. Ndipo kakusuntha. Kakusuntha kokha!

Zaka zonsezi ndakhala ndikusunga nyama yakufa kuti isawole. Lero m'firiji yanga muli mitima ikugunda. Misozi inalengeza, mwayi wake munali mdima.

Amuna awo analowa nthawi yomweyo. Anaima pakhomo, anatsokomola. “Bizinesi yake ndi imeneyi?” Amayi anawakokera m'bulangete momwemo. Bambo uja ataona kadontho kaja anangoti, “Ambuye!” Tinakhalamo atatu mpaka thukuta kamukamu.

Osukusa ndi ochepa chabe. Ena onse amoyo. Ndabwerera wapansi, mapazi osagunda nthaka.

Lachiwiri, 17 Juni

Zavuta.

Tochi kachiwiri. Thireyi ya pansi, mazira ambiri zii. Kadontho kanakula n'kuima. Ena ayamba kafungo. Amene ali moyo akusuntha mwaulesi. Chopimira chikuonetsa bwinobwino. Madzi alimo. Fani ikuzungulira. Magetsi anazima kamodzi, batire inagwira ntchito yake. Ndayeza waya aliyense. Palibe cholakwika, koma akufa.

Ndinati pepani amayi. Anatola akufawo limodzilimodzi n'kuika m'ndowa, osandiyang'ana. “Pepani sapoletsa chilonda, a Firiji.” Bola akanakalipa.

Kulephera msanga n'kotchipa. Kotchipa kwa ndani? Magalasi iwe, mazira aja sanali ako, sanalinso anga. Buku ndaliponya pansi pa benchi.

Sindinadye. Mayi a kunyumba sanafunse, anangovundikira mbale.

Lachitatu, 18 Juni

Ndinalitola m'mawa. Mkwiyo sukonza makina. Mutu wotsatira: zikakukanika, tseka pakamwa, siya zida, pita kumene ntchitoyo imachitika kale popanda iwe, ukakhale pansi uone. Ndinaganiza kuti ntchito yoswa mazira amene amaichita kale ndi nkhuku. Ndinatseka shopu.

Amayi ali ndi thadzi limodzi lakuda lofungatira m'dengu kuseri kwa khola. Ndinatembenuza chidebe n'kukhala. Anandiyang'ana ngati wapenga, kenako anandibweretsera madzi akumwa.

Thadzi phee. Dzuwa kukwera. Miyendo dzanzi. Kenako linadzuka, linafutukula nthenga, linatembenuza mazira ndi mlomo, n'kuchoka! Kukadya, kukasamba fumbi, osafulumira n'komwe. Mazira pamtetete, mphepo ikuwomba. Mtima wanga unati bwerera iwe, azizira! Linabwerera pa nthawi yake, linakhala, koma pakapita kanthawi limadzutsa chifuwa n'kudzigwedeza.

Ndinatola chikhokhombe cha dzira pansi, n'kuchiyang'anitsa padzuwa. Timabowo. Tosaoneka bwino, koma tilipo tambirimbiri.

Dzira limapuma. Anapiye akamakula amafuna mpweya wochuluka, ine ndawatsekera ndi labala wabwino koposa amene ndinaikapo pa moyo wanga. Ndinawalamulanso amayi kuti asatsegule. Wowabanikitsa ndine.

Ndinathamanga kukatenga dirilo yoboolera. Tinatulutsa mathireyi, tinawafunditsa bulangete. Kuboola firiji, ine! Dzanja limakana. Bowo loyamba linandipweteka ngati ndikuzula dzino langa. Mabowo m'munsi, mabowo pamwamba. Nditaika chala ndinamva kamphepo kofunda kakutuluka.

Nkhuku yopanda sukulu, ubongo wake ngati nsawawa, ikudziwa zonsezi chibadwire. Ndani anaiuza? Ndinaivulira chipewa pochoka. Amayi anaona, sanaseke.

Lamlungu, 22 Juni

Palibe chochita koma kudikira. Otsalawo akusunthabe, mwamphamvu tsopano. Chogwirira chija tisiya kupendeketsa mawa.

Ovolo yanga ya kukampani yatuluka m'sutikesi. Yachapidwa, yasitidwa, yapachikidwa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ntchito ya mayi a kunyumba imeneyo. Ndikatseka chitseko imandiyang'ana.

Lachitatu, 25 Juni

Amayi anaimba foni, osapereka moni: “Bwerani mudzamve.”

Khutu pa bowo la pamwamba. Tswii, tswii. Mazira osasweka, koma mkati mukulira! Mwana kulira asanabadwe. Limodzi lili ndi kamng'alu, kamlomo kakutuluka n'kubwerera. Ndinafuna kutsegula ndimuthandize. Amayi anandimenya dzanja. “Musiyeni, ntchito ndi yake.”

Lachinayi, 26 Juni

Aswa! Aswa!

Ndinakatenga mayi a kunyumba kuntchito kwawo nthawi yopuma, ndikuti tiyeni musafunse. Tinasuzumira pa kagalasi ka pachitseko. Mmodzi amazungulira mkati mwa dzira akudula chikhokhombe ndi mlomo, kupuma, kudulanso. Kenako anakankha ndi miyendo, thapsa pathireyi, wonyowa, wonyansa, wotopa ngati wamwalira. Posakhalitsa wauma, waima, wachikasu, akujompha mnzake.

Oposa theka la amene analowa. Akanakhala pafupifupi onse pakanapanda labala wanga. Zimenezo zikundiwawabe, koma lero chimwemwe chaposa.

Mayi anagunditsa nkhope pagalasi. Kenako motsitsa mawu: “Bambo, mwapanga inuyo zimenezi?” Sanandifunsepo funso lotere chikwatiranireni. Anabwerera kuntchito mochedwa, akuti akalipidwa koma zilibe kanthu.

Magalasi, ndakukhululukira. Chidole chasanduka makina.

Loweruka, 28 Juni

Sagula.

Ndinavala malaya abwino, mtengo ndinaukonza m'mutu, ndinatsitsako kale chifukwa cha mazira aja. Sanafune ndi kuumva komwe. “A Firiji, chimakina chonsechi ndichiike pati? Magetsi ake alipire ndani? Chikafa usiku ndidzutse ndani? Ine ndimafuna anapiye, osati firiji.”

Ndinati koma yagwira ntchito. Anati yagwiradi, zikomo, muitenge Lamlungu lisanafike, malo a matumba achepa.

Yabwerera pakona pake. Mabowo ake akundiyang'ana. Ngati Amayi a Nkhuku, amene aona ndi maso, sakugula, agula ndani? Chaka chathunthu. Lendi ya mkazi wanga.

Buku latsala mitu itatu. Ndilibe nalo mphamvu. Ndimubwezera mwini wake.

Ndawauza mayi a kunyumba kuti Lolemba ndikayambanso ntchito. Ndimayembekeza kuti asangalala. Anangoti chabwino, n'kupitiriza kupinda zovala.

Lolemba, 30 Juni

Ndikulemba nditakhala pa kompuresa ija, ovolo ili m'thupi.

Ndinadzera kushopu m'mawa kuti nditenge bokosi la zida. Pakhomo anthu. Ndinayesa kwagwa ngozi. Azimayi, abambo awiri, wina ndi njinga. Mabeseni, makatoni, zidebe za utuchi. Kutsogolo Amayi a Nkhuku, mathireyi atatu m'manja. Akuti anapita ndi anapiye awo kogula chakudya cha nkhuku, anthu n'kufunsa kuti thadzi lanji laswa ochuluka chotere. “Ndiye ndabwera nawo. Mumaswetsa zingati pa thireyi?”

Kuswetsa pa thireyi? Chaka chonse ndimaganiza zogulitsa mafiriji. Sindinaganizepo kuti firiji ikhale pompano, anthu azibweretsa mazira, azidzatenga anapiye. Anandiuza Loweruka m'maso muli gwa kuti akufuna anapiye, ine ndinangomva kukanidwa. Magalasi ayenera kuti analemba zimenezi m'mitu itatu ija. Ndikuopa kutsegula, angandiseke.

Mtengo anapanga okha pakhomo pomwepo, akukangana, ine ndikungogwedeza mutu. Foni inalira m'thumba la ovolo, abwana mosakayika. Manja onse mazira. Amayi anati ikulira. Ndinati ilire.

Firiji yadzaza, ena abwerera nawo, ndawauza Lachisanu. Kuseri kuli mafiriji atatu akufa amene eni ake anawataya. Wowotcherera wayamba kale kudula mashelefu.

Abwana ndawaimbira ndekha. Ndawathokoza, ndati malowo apatse wina. Anati ndaganiza bwino? Ndinati ayi bwana, koma ndaganiza. Nditadula foni ndinayang'ana firiji. Mazira a makomo onsewa m'manja mwanga, malipiro a pamwezi atapita.

Mayi a kunyumba ndawalembera uthenga masana, zonse, osabisa. Awerenga. Sanayankhe. Ndayang'ana foni mpaka batire kutha. Akakwiya ali ndi chifukwa, lendi ya mawa ikudikira iwo.

Ndi awo, ndikuwaona pazenera, akuwoloka msewu. Nkhope sindikutha kuiwerenga. Chikwama paphewa, kutsogolo kabeseni kathu kobiriwira kovundikira ndi nsalu. Galimoto ikuwaimbira hutala koma sakuthamanga. Manja onse awiri pabeseni, phazi limodzilimodzi, maso pansi, monga ayendera munthu wonyamula mazira.