Nanzikambe ali m'bafa, apongozi akubwera

Aphungu,

Musandiseke, kapena ngati mukuseka, sekani mwachangu kenako mundithandize. Ndine mnyamata wa zaka 29, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kuno ku London ndinabwera mu 1979. Ndine kondakitala wa basi. Zidakwa zikavuta m'basi ndimathana nazo ndekha, osaitana dalaivala. Koma pamene ndikulemba kalatayi, m'bafa mwanga muli kanthu kosaposa chala changa chaching'ono, ndipo sabata ziwiri zathunthu ndakhala ndikukasamba kwa mnzanga.

Ndi kamwana ka nanzikambe, Aphungu. Bilimankhwe weniweni, m'nyumba mwanga, ku Tottenham kuno!

Nkhani yake ili chonchi. Ndili pa chibwenzi ndi mtsikana dzina lake Etta, ndipo tikufuna kukwatirana. Anabadwira ku Zomba, koma anachokako ali ndi zaka zinayi, bambo ake atathawa zinthu zitavuta mu 1965. Za kwathu sakumbukira kalikonse. Chichewa amamva, koma ukamuyankhula amakuyankha m'Chingerezi. Amakonda kundifunsa za kumudzi, mafunso osatha, ndipo ine kunena zoona ndimathirako mchere. Tsiku lina pa kanema anaonetsa nanzikambe akuyenda pa nthambi mwa kayendedwe kake kaja, Etta n'kugwira pamtima, n'kufunsa ngati kwathu aliko. Pakamwa panga apa! Ndinati, "Aliko ambirimbiri, ine ndinakula nawo. Wina ndinkapita naye kusukulu ali paphewa, akamva belu ankalowa yekha m'thumba la malaya."

Bodza lokhalokha. Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu. Tikamuona tinkabalalika, ndipo olimba mtima ankamukanula kukamwa ndi kamtengo n'kumuthira fodya wam'mphuno mpaka afe. Wogwira kamtengoyo nthawi zambiri ndinali ine. Ndinapha atatu.

Pa tsiku langa lobadwa Etta anatulukira ndi bokosi lagalasi atalikulunga m'bulangete. Anati, "Newton, ndakubweretsera kwanu." Nditasuzumira ndinaona diso limodzi likuyang'ana kudenga, linalo lili pa ine. Misozi inangotuluka yokha. Iye anaganiza kuti ndi chimwemwe, nayenso n'kuyamba kulira, tonse awiri kumalira, aliyense zake. Anakatcha dzina loti Zomba. Anandiuzanso monyadira kuti mwini sitolo anafuna kumupatsa pepala la kasamalidwe kake, iye n'kukana, amvekere, "Wanga uja ndi katswiri, anakula nawo." Mawa lake anakwera sitima kupita ku Leeds ku maphunziro a unamwino a mwezi umodzi.

Anandisiyira kabotolo kodzaza tintchentche tamoyo. Atangotuluka ndinakataya kubini, poti munthu wanzeru zake angasunge ntchentche m'nyumba? Bokosilo ndinaliika pawindo la m'bafa, chifukwa ndiko kutali kwambiri ndi bedi langa. M'bafamo mulibe hita, m'mawa galasi limachita kuundana. Ndinalifunditsa chitenje cha Etta kuti kasamandiyang'ane. Koma si kuti ndine munthu wankhanza ayi. Ndinakaikira madzi m'sosala, ndipo tsiku lililonse ndimakakankhira chakudya ndi nsonga ya ambulera: nyenyeswa za buledi, kabichi, tsiku lina mpaka nyama yogaya. Sikanalawe n'kamodzi komwe.

Nditakumbukira kuti kwathu nanzikambe amadya ntchentche, ndinatenga botolo la jamu n'kupita kumsika wa ku Peckham, kuseri kwa ogulitsa nsomba. Aphungu, London wa mwezi wa Febuluwale alibe ntchentche! Ndinazungulira ola lathunthu nditawerama, mpaka mkulu wina wa nsomba anandifunsa ngati ndine wa zaumoyo. Ndinakapeza ziwiri zakufa pawindo la kantini kuntchito, ndipo izonso kanazikana.

Kanabwera kali kobiriwira ngati tsamba la mpiru. Tsopano kada bii, maso alowa m'kati, ndipo kamatsinzina masana. Lachitatu nditakweza chitenje pang'ono ndinakapeza kali pansi kakukanda m'ngodya, ndipo kwathu nanzikambe wokumba pansi ndi malodza. Kodi kakudwala, kapena kakudziwa za atatu aja? Etta amaimba foni madzulo aliwonse kufunsa za Zomba, ine n'kumati akunenepa.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Pa 17 Malichi Etta akubwera, ndipo tsiku lomwelo makolo ake, bambo Reinford ndi mayi Phoebe, akudzaona pamene ndimakhala, ankhoswe asanakumane. Etta sanawauze za Zomba, akuti akufuna awadzidzimutse, amayi ake akasangalale kuona kanthu kakwawo. Adzadzidzimukadi! Mayi Phoebe ndi a Mvano, ndipo m'chikwama mwawo mumakhala kachitini ka fodya wam'mphuno kamene amaganiza kuti palibe akudziwa. Akadzaona mkamwini akuweta bilimankhwe, adzati ndine mfiti, ukwati n'kuthera pakhomo pomwepo. Kakafa tsikulo lisanafike, Etta adzadziwa kuti ndinamunamiza. Ndinaganiza zonamizira mphaka wa aneba, koma aneba anga alibe mphaka.

Mtsikanayu ndimamukonda, Aphungu, ndipo ndikuopa kumutaya chifukwa cha kachilombo kosakwana chala. Nditani?

N.K., Tottenham

A N.K.,

Ndaseka, pepani, ndaseka mpaka tiyi kutayikira pa kalata yanu. Tsopano ndatha. Yankholi ndalitumizanso kwa inu pa positi lero lomwe, chifukwa kanyamako sikangadikire makina osindikizira. Maina onse ndawasintha, poti Amalawi a mu London muno tikanakuzindikirani tisanamalize ndime yachiwiri.

Ndiulule kaye kuti nanenso ndinakulira komweko, ndipo kachilomboko sindingakagwire ngakhale mutandilonjeza ndege yotera pa Chileka. Choncho ndinapita ku Woolwich kukafunsa mzungu wina woweta njoka ndi abuluzi. Ndinafunsira pakhomo, m'kati sindinalowe. Zimene ananena ndi zimene ndikukuuzani.

Malodza palibe apa. Kanyamako kakufa ndi kuzizira, ludzu ndi njala, ndipo zitatu zonsezo mwakapatsa ndinu. Kuda biiko n'kuzizidwa ndi mantha. Kukanda m'ngodyako kakufuna potulukira, ndipo inunso akanakutsekerani m'bafa la ku Tottenham mu Febuluwale mukanakanda. Koma kutsinzina masana ndi kulowa kwa maso si zocheza. Pemphani tsiku kuntchito mawa, mukulunge bokosilo m'bulangete muja linabwerera, muike botolo la madzi ofunda pambali pake, mupite kwa dokotala wa ziweto amene amadziwa za abuluzi. Yambani mwaimba foni, chifukwa ambiri a iwo amangodziwa agalu ndi amphaka.

Mukabwerako, m'bafa kasabwererenso. Kaikeni kuchipinda chimene mumayatsa hita, kutali ndi windo, pamalo okwera, poti kamakhala mtima m'malo kakamakuonerani pamutu. Inde, ngati chipindacho ndi chogona chanu, ndi chomwecho. Bokosi lagalasi lotsekeka si labwino, mpweya suyenda, ndipo kakadziona pagalasi kamayesa mdani. Pezani khola la waya wa sefa, lalitali, muikemo duwa lamoyo la masamba ambiri ndi tinthambi topyapyala toti kazifumbata. Pamwamba, kunja kwa khola, pachikani babu loti lizitenthetsa nthambi imodzi yokha kufika madigiri 27 kapena 28, kwinako kukhale kozizirirapo kuti kazisankha kokha. Kusitolo ya ziweto funsaninso getsi lalitali la abuluzi lolowa m'malo mwa dzuwa, chifukwa popanda limenelo mafupa ake amafewa, ndipo dzuwa lodzera pagalasi silithandiza. Magetsi onsewa aziyaka maola khumi ndi awiri, kenako mdima. Chitenjecho chichotseni mukabweze kwa mwini wake.

Sosala ija ikhoza kukhala m'menemo mpaka Khrisimasi, sikadzamwamo. Nanzikambe sadziwa madzi odikha, amanyambita madontho a pamasamba monga mame. Gulani kabotolo kopopera maluwa, katsopano, kosalowamo mankhwala, muzipopera masamba madzi ofunda pang'ono katatu pa tsiku. Musamakaloze kumaso. Mukapopera imani pomwepo phee mpaka muone kakumeza.

Tintchentche munataya kubini tija ndito tinali chakudya chake, akatswiri inu! Kamadya chamoyo chokha, choyenda, ndipo chisakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Bwererani kusitolo mukagule tina, pamodzi ndi tiana ta nkhululu tating'onoting'ono, muzikapatsa m'mawa uliwonse mmene kangadyere. Fupa loyera lija amaika m'khola la mbalame mulipere likhale ufa, muziwaza pang'ono pa tizilomboto musanatiponyemo. Ntchentche zakufa za pawindo la kantini musayerekezenso, mwina zinafa ndi mankhwala. M'chipindamo musasutiremo kapena kupoperamo mankhwala a udzudzu ndi mphemvu.

Nkhani imodzi yokoma ndi yakuti kugwidwa sikakonda. Mzunguyo anati woweta wabwino amakasiya kokha. Ndiye pa mfundo iyi yokha, mantha anu akuthandizani.

Tsopano za Etta, ndipo apa ndasiya kuseka. Mwana ameneyu anachotsedwa kwawo ali ndi zaka zinayi, makolo ake akamakamba za kumudzi amatsitsa mawu n'kuyang'ana kukhomo, ndipo iye wakhala akutolera kwawo pang'onopang'ono kuchokera pakamwa panu. Chimene munamupatsa anachikhulupirira mpaka kukana pepala la mwini sitolo. Zandimvetsa chisoni, a N.K., ndipo ndikukhulupirira kuti nanunso zikukupwetekani, apo ayi simukanawerama ola lathunthu kuseri kwa nsomba. Akaimba foni madzulo ano, mawu oti akunenepa asatulukenso. Muuzeni kuti Zomba akudwala, kuti mawa mukupita naye kwa dokotala, ndi kuti za paphewa zija zinali bodza la mnyamata wofuna kukondedwa. Za kamtengo ndi fodya munenenso. Akwiya, mwina akudulirani foni. Koma amve kwa inu sabata ziwiri tsikulo lisanafike, kanyamako kakadali moyo, kusiyana n'kuti adzaone yekha m'bokosi makolo ake ali chilili kumbuyo kwake.

Akaziziritsa mtima, mufotokozereni chimene bilimankhwe ali kwa munthu wa msinkhu wa amayi ake, ndipo zowadzidzimutsazo zithere pomwepo. Etta ndiye awaimbire makolo ake, awauze ndi pakamwa pake kuti anagula ndi iye, anakutulani ndi iye, ndipo inu munalira ndi mantha. Mawu omalizawo asawasiye, chifukwa ndi amene akupulumutseni. Mayi Phoebe akamva kuti mkamwini wawo anasamuka m'bafa mwake kuthawa nanzikambe, adziwa kuti ndi mwana woleredwa bwino, wa kwathu weniweni. Mkwiyo wotsalawo ugwera mwana wawo yemwe, ndipo mwana wobala wekha sumutcha mfiti. Bambo Reinford ndikuganiza angotsokomola n'kupempha tiyi. Ngati apongoziwo anena kuti m'chipindamo salowa, musawakakamize, tsekani chitseko muchezere pabalaza.

Sindikulonjezani kuti kanyamako kachira. Tiana totere sitichedwa kufa, ndipo sabata ziwiri za m'bafa si zochepa. Koma kakafa mutayesetsa, Etta akudziwa zonse, mudzalira awiri chinthu chimodzi, osati aliyense zake ngati tsiku lija.

Chenjezo langa ndi la chikwama cha mayi Phoebe, chija cha fodya. Pa 17 paja, apongozi akamalowa, chilandireni ndi manja awiri, mutanyonyomala mwaulemu wonse wa mkamwini, mukachiike pamwamba pa wadiropu mpaka nthawi yotsanzikana. Manja ozolowera sachedwa, inu nomwe mukudziwa. Atatu a ku Ntcheu aja analibe owalirira. Wachinayiyu ali ndi dzina, ndipo amene anamutcha ndi yemweyo mukufuna adzatche maina ana anu.

Aphungu