Boti Langa Lipita ku Samfya

Okondedwa ba sisi Esinati,

Muli bwanji ku Bulawayo pamodzi ndi alamu? Ife kuno ku Mpanshya tilipo, bondo lokha ndilo likundivuta.

Zimene amalume akukuuzani, zoti ndagulitsa boti ndipo ndikapuma pa ntchito ndikalima chimanga ku Chinyunyu, ndi bodza. Boti lilipo kuseri kwa nyumba, ndipo thanga lake logwira mphepo ndasoka ndekha. Ndikapuma ndikakhala m'botimo pa nyanja.

Mwezi watha ndinapita ku Samfya kukaona nyanja. Ku Kariba ndinakana, chifukwa nkozama ndipo pansi pali mitengo yakufa. Ku Samfyako ndinalowa m'madzi ndi nsungwi, ndinayenda mpaka kutali madzi akali m'chiuno. Msodzi wina anafuula kuti, "Ba shikulu, agogo inu, mwataya chiyani?" Ndinati ndikuyeza pokhala panga. Boti langa nlathyathyathya kunsi, madzi otere ndiwo ake.

Nditabwerako amalume anati, "Yunivesite inakukanika, nyanja ndiye uitha?" Ndinawakumbutsa kuti iwo ngakhale njinga amachita kukankha.

Munditumizireko chingwe cholimba, malangizo musunge. Mulungu akuyang'anireni nonse.

Ine mlongo wanu,
Lazaro

Kusambira sindinaphunzirebe.