Kompyuta kapena a Eliot?

Aphungu,

Ndimayang'anira shopu ya a Zakir ku Limbe, yogulitsa zipangizo za mipope. Mwezi watha kunabwera a Dalton, ogulitsa makompyuta, ndi pulogalamu yodziwa katundu yense ali pashelefu. Anakationetsa ku ofesi yawo m'tauni: ukalemba dzina la chinthu, imakuuza pomwe chili ndiponso kuti zatsala zingati. Kunena zoona, ndinagoma nayo.

Koma anawonjezera kuti, "Mukaika iyi, munthu mmodzi pakauntala sakufunikanso." Munthu mmodziyo ndi a Eliot a ku Nsanje, omwe agwira pano zaka 22. Abwana angoti, "Inu ndiye munapita kusukulu, mundiuze Lolemba ngati tigule kapena ayi."

Chikundizunguza ndi ichi: makasitomala athu sadziwa mayina a zinthu. Munthu amachokera ku Manja atakulunga kachitsulo kadzimbiri m'jumbo, n'kuti, "Ndikufuna kanzake ka aka." A Eliot amangokatembenuza kamodzi, n'kulowa kumbuyo, n'kutuluka nako. Kodi makina otere munthu amawayesa bwanji asanagule? Sindifuna kuoneka wotsalira, koma sindifunanso kuchotsetsa munthu ntchito chifukwa cha sikirini yowala.

B.M., Limbe

A B.M.,

Pachionetsero kompyuta iliyonse imakhala ngati mkamwini wa sabata yoyamba: yakhama, yosayankha mwano. Choncho Lolemba musakanene kuti inde kapena ayi. Kapempheni miyezi itatu yoyesera, pashelefu imodzi yokha, ndipo mugwirizaniretu ndi abwana chomwe mukufuna chisinthe. Mzere ufupike? Katundu asamakuthereni mosadziwa? Ngati simungachitchule, musagule.

A Dalton abwere nayo Loweruka lakumapeto kwa mwezi, shopu itadzaza. Ikani patebulo tizitsulo khumi ta m'majumbo tija, kompyuta uku, a Eliot uku, inu mugwire wotchi.

A Dalton akuuzeninso shopu ina yomwe yaigwiritsa ntchito chaka chathunthu. Mupiteko nokha, mukacheze ndi wapakauntala, osati mwini wake, chifukwa mwini savomera kuti anagula chidole. Mukafunse kuti magetsi akazima imatani, ikawonongeka wokonza amabweradi kapena amangoyankha pafoni, ndipo malipiro a chaka ndi chaka ndi a makwacha kapena madola. Funso lomaliza n'la a Dalton: ndani adzalowetse mayina a tizitsulo tonseto? Mudzaona maso a aliyense akutembenukira kwa a Eliot.

Komabe samalani, a Eliot musawadalire mopitirira. Panopa shopu yonse ili m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo mutuwo tsiku lina udzakwera basi ya ku Nsanje osabwereranso. Kompyutayo ikakhoza mayeso, muigule iwo akadalipo kuti aiphunzitse. Mukayamba n'kuwachotsa, mudzatsala ndi makina odziwa dzina la chilichonse, ndi mzere wa anthu atanyamula majumbo.

Aphungu