Zipolopolo Zanga Zazizidwa ku Baguio

Lachiwiri, 14 Januwale

A Dizon, apampando a kalabu yathu, alengeza. Timu yopita ku mpikisano wa dziko lonse wowombera mfuti zazing'ono ndi ya anthu anayi. Atatu adziwika kale. Malo achinayi: ine kapena alamu anga a Temyong. Woposa mnzake ku Baguio pa 25 watenga. Ine Luningning, mphunzitsi wa mbiri yakale pakoleji, mawondo olira ngati chitseko cha tchalitchi! Ndaseka ndekha m'jipu mpaka mayi woyandikana nane wasendeza dengu lake.

Alamu akuti ndisiye mfuti ndibwerere ku choko. Ndawayankha kuti choko changa chalasa mitu yambiri kuposa mfuti yawo.

Loweruka, 18 Januwale

Tsiku lonse m'galaja, pa makina odzazira zipolopolo. Kwathu kuno ku Angeles kutentha ngati ng'anjo. Makoko a zipolopolo otsukidwa bwino, waliwali ngati ndolo. Nzeru yanga yatsopano: kuchepetsa onga. Onga ukachepa mfuti sidumpha m'manja, chipolopolo chachiwiri chimangolondola chinzake. Vuto ndi lamulo lija. Chipolopolo chiyenera kufika pa muyezo wa mphamvu, apo ayi mapointi onse amafufutidwa, wangopita kukaphulitsa makombola.

Masana ndakayesa pa makina oyezera liwiro a kukalabu. Zadutsa. Mwapang'ono ngati tsitsi, koma kudutsa ndi kudutsa. Ndavina pang'ono kuseri kwa galimoto. Palibe wandiona, ndikhulupirira.

Lachitatu, 22 Januwale

Kuyeserera komaliza. Zitsulo za chandamale zonse pansi, ngwe ngwe ngwe, ngati belu la sukulu. Alamu ataima kumbuyo, manja m'chiuno, akuti mfuti yanga siyikulira, ikuyetsemula. Nsanje basi. Mutu wawo wadazi ukachita nsanje umawala kwambiri.

Lamba watsopano wafika, wofiira. Ndadyera sisigi, nyama ya nkhumba yokazinga, ndili chiuvalire. Mwamuna wanga Rolly akuti anakwatira mphunzitsi, pano akugona ndi msilikali, ndipo ku Baguio sapita chifukwa sangasankhe pakati pa mkazi wake ndi achimwene ake. Wamantha.

Lachisanu, 24 Januwale, Baguio

Kuzizira kwake! Chifunga mpaka m'mbale ya msuzi. Mano gwegwede.

Pa chakudya chamadzulo a Dizon andifunsa, ngati sakufunsa kanthu, kuti zipolopolo zanga ndinaziyesera kuti. Kwathu, masana. Aika supuni pansi. Akuti onga ukazizira umachita ulesi, liwiro limatsika. Ndimadziwa! Ndinawerengapo, mwina ndinaphunzitsaponso wina. Koma munthu wa kuchigwa kuzizira amakuona m'firiji mokha. Ka tsitsi kanga kaja phiri ladya.

Alamu aseka mpaka mpunga watulukira m'mphuno. Akuti andibwereke zawo, koma ndigwiritse mfuti ndi manja atatu. Ndakana. Sindinayeserepo nazo, komanso ndingalolere kudya lamba wanga.

Nzeru ina: zipolopolo m'masokosi a Rolly, masokosi pamimba, juzi pamwamba. Nkhuku imatero, imaswa.

Loweruka, 25 Januwale

Ndafika pabwalo ndikuyenda ngati woyembekezera. Amayi a ku kalabu ya Tarlac andifunsa mwezi wake. Ndati lero lomwe.

Koma kufungatira konseko pachabe. Tisanayambe n'komwe, woyang'anira wachotsa zipolopolo zisanu ndi zitatu pa lamba wanga, m'kapepala ka pulasitiki, dzina pamwamba, ulendo ku tenti yoyezera. Gulu lathu liyezedwa mawa. Zigona kumeneko, pa tebulo, zopanda juzi. Ana anga.

Ndiye ndinati poti ndafa kale, ndivine. Ndipo ndawombera! Chibadwire sindinawomberepo chonchi. Kuthamanga, kugwada, kudzuka, mawondo osadandaula ndi kamodzi komwe. Chandamale chogwedezeka chija chimene chimandinyoza chaka chonse, mabowo awiri pakati, oyandikana ngati mphuno. Alamu ndawasiya kutali, sipafunika n'kuwerengera komwe. Nawonso anawombera bwino, ndiye zikukoma kawiri.

Ndagulira gulu lonse taho wa sitiroberi, kaphala kotsekemera ka soya ka m'makapu. Alamu adya makapu awiri, akuti akukondwerera mawa.

Lamulungu, 26 Januwale, m'mawa

Ndikulembera pa benchi la m'tenti.

Chimodzi achiphwasula n'kuchiika pa sikelo. Zitatu awombera: zaperewera. Zitatu zina: ziwiri zabwinoko, komabe pamodzi zaperewera pang'onong'ono. Chatsala chimodzi. Lamulo likuti mwiniwake asankhe, sikelo kapena kuwombera. Ndati awombere. Pomwepo wina wafuula kuti khofi ndi bibingka, makeke a mpunga, zafika, oyeza onse dzambatu, atuluka. Dziko lino likhoza kuimitsa chiweruzo chomaliza chifukwa cha tiyi wa teni koloko.

Kapepala kali pa tebulo, mumthunzi. Kukhudza n'koletsedwa. Chikaperewera, dzulo lonse lafufutika, malo ndi a alamu. Akhala pambali panga, sakuseka. Zachilendo.

Lamulungu lomweli, madzulo

Chadutsa. Chadutsa! Ndili m'timu. A Dizon andikumbatira mpaka zotseka m'makutu zagwa.

Ndilembe mmene zinakhalira ndisanayambe kudzinamiza. Oyeza atatuluka, alamu anadzuka n'kuyamba kudandaula kuti m'tenti mukununkha masokosi a m'bale wawo. Ananyamula chinsalu cha kum'mawa kuti mulowe mpweya. Chifunga chinali chitangong'ambika. Dzuwa linagwera pa tebulo, pa kapepala penipeni. Chingwe chomangira panalibe, ndiye anagwira chinsalucho ndi dzanja, m'mwamba, khofi yense mpaka kutha, akuyang'ana mapiri ngati mlendo. Woyeza atabwerera anawayang'ana, anayang'ana tebulo, n'kupukuta pakamwa.

Kaya ndi dzuwalo, kaya chipolopolocho chinali cholimba mtima chokha, sindidzadziwa.

Ndinafuna kuthokoza. Anandidula: “Mlamu, ine sindipambana ndi nyengo. Ndidzakuswani chaka chamawa, kotentha.”

Ndinaseka, nawonso anaseka. Koma potsika phiri andipatsa makiyi a galimoto, akuti phewa likuwawa. Phewa ayi. Pa mphambano yoyamba anandifunsa kuti chikwangwani chija chalembedwa chiyani, chikwangwani chachikulu ngati khomo la galaja. Maso awo akutha. Chaka chamawa chimenecho sadzawombera; iwo akudziwa, ndipo tsopano inenso ndadziwa.