Udzu Umene Amayi Ako Anamweta

Ngauma, Niassa

Wokondedwa mwana wanga Dulce,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Mangalande. Kodi chifuwa chija chinatha? Nanga agogo achizungu amene ukuwasamalirawo akudzuka bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti pakhomo pazizira. Chiikireni amayi ako m'manda, m'mawa ndimatulutsabe makapu awiri, kenaka n'kubweza imodzi.

Usadziimbe mlandu kuti sunafike pamaliro. Anthu anabwera ambiri, ena pa chapa, minibasi zathu zija, kuchokera ku Mandimba, ndipo azakhali ako a Vânia anachokera ku Cuamba kudzakhala nane.

Masiku ano ndimakhala pakhonde n'kumayang'ana zithunzi zija unkatitumizira pa foni, za mudzi umene ukukhalawo. Kamsewu kopapatiza kokhotakhota, nyumba zamiyala zogundana, maluwa okwera m'makoma, tchalitchi chokhala ndi manda pabwalo pake. Ine midzi yotereyi ndinaidziwira m'mabuku tili kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo ndinkayesa olemba amangokometsera. Amayi ako sanawerenge mabukuwo, koma m'zithunzimo ankaona zimene ine sindinkaona.

Tsiku limene unatumiza chithunzi cha nyumba ya denga la udzu ija, anaseka mpaka kutsokomola. Anati kani azungu nawonso amafolera udzu, ife n'kumadzipha ndi kufuna malata! Anayenda nayo foniyo khomo ndi khomo. Utanena kuti nyumbayo yatha zaka mazana angapo, ndipo aliyense amawerama polowamo, ananditembenukira nati basi ndisiye kudandaula za chitseko chathu, n'chachizungu.

Ukuchikumbuka chitsekocho. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, kwawo kwa amayi ako kuno tinapeza tchire lokhalokha. Njerwa tinaumba tokha, iwe uli kumsana. Mlombwa umene ndinapeza wa mphuthu unali waufupi, ndiye mphumi yanga yakhala ikuvutika mpaka lero. Mitengo ya mango imene ikuchita mthunzi mumsewu wathu anadzala ndi amayi ako, mbewu zake atazimanga pansonga ya chitenje kuchokera kumsasa.

Funso limodzi lokha linkawavuta. Ankafunsa kuti kodi eni ake oyamba a nyumba zimenezo atamwalira, panalibe wozigwetsa? Unayankha kuti kumeneko wina akafa, wina amalowamo n'kukoleza moto pamalo pomwepo. Amayi ako anati anthu amenewo saopa akufa awo.

Tsopano imva chimene ndakulembera.

Amalume ako a Bernado anasonkhanitsa abale. Andisudzula mwaulemu monga mwambo ulili: ndine mkamwini, mkazi wanga wapita, njira yakwathu yatseguka. Sindikudandaula, ndidzapita ku Cuamba kwa azakhali ako. Koma anatinso nyumbayi igwe mvula isanayambe, chifukwa amayi ako anatsirizikira momwemo, ndipo nyumba yofera mwini wake saisiya ili chiimire. Ndi mmene anachitiranso ndi ya agogo ako.

Ndinayesa kulankhula. Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa zithunzi zako. A Bernado anaziyang'anitsitsa, nati alamu, mabuku anakulowani m'mutu, kuno ndi ku Ngauma, ngati azungu amagona ndi mizimu yawo zimenezo n'zawo. Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Usawaone ngati ankhanza. Amayi ako a Felesita anali mlongo wawo mmodzi yekha, ndipo ndawaona, akamadutsa pano amayang'ana kumbali. Khonde lopanda amayi ako likuwapweteka monga likundipwetekera ine, kungoti iwo akufuna lichoke, ine ndikufuna likhale.

Pomaliza anati pamudzi pano mkamwini alibe mawu, koma mwana wamkazi wa malemu ali nawo. Ngati Dulce anena ndi pakamwa pake kuti nyumbayi ndi yake, ndipo adzabwera kudzagonamo, iwo sakhudza njerwa ndi imodzi yomwe. Akakhala chete, aigwetsa.

Sindikukuuza kuti usiye ntchito. Ndikudziwanso kuti nyumba yathu si yakale ngati zimenezo, ilibe chaka chozokotedwa pamwala pamwamba pa khomo. Koma ndimaganiza kuti nyumba zakumenekozo nazonso tsiku lina zinali zatsopano. Mwini wake woyamba anamwalira, anthu analira, ndipo panapezeka mwana mmodzi amene anati isiyeni.

Chonde uwaimbire amalume ako. Usawalembere, akufuna amve mawu ako. Uyambe ndi kuwapepesa maliro, uwafunse za mwendo wawo uja, za nyumba zibwere pambuyo. Koma usalonjeze zimene mtima wako sukufuna. Ukaona kuti kuno sudzabweranso, undiuze ine poyamba, ndizule chitseko chija ndipite nacho ku Cuamba.

Udziwenso ichi. Asanagwe m'matenda, amayi ako anali atamweta kale udzu wofolera kudambo. Ankati chaka chino denga alidula m'mphepete mowongoka bwinobwino ngati la pachithunzi, kuti ukadzafika udzayese sunachoke ku Mangalande. Mitoloyo idakali chitsamire pamtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mandimba, ndipo chiswe chalowa kale mumtolo wapansi. Makwerero ndakhoma, luzi ndaviika m'madzi. Ndikungodikira iwe.

Azakhali ako akupereka moni. Nawenso upereke moni kwa agogo akowo, uwauze kuti kuno kuli nkhalamba ina imene imaudziwa msewu wawo pamtima koma sinaupondepo.

Mulungu akusunge, akufunditse m'nyengo yozizirayo.

Ndine bambo ako,
Gabrieli