Chipewa cha Jelaba ya a Bassou

Lolemba, 13 Novembala

Amuna anga a Bassou abwera ndi pepala la ku bungwe la alenje, atalikwinyira m'thumba ngati tikiti ya basi. Lamlungu likubwerali kuli ulenje wa nguluwe ku nkhalango ya kumtunda, ndipo akuti chaka chino aliyense wolowa m'thengo avale chowala cha mtundu wa lalanje, apo ayi abwerere kwawo. Mabwana amfuti a ku mzinda wa Meknes ali nazo kale zawo. Amuna athuwa, amene amalowa m'minga ndi agalu kukavumbulutsa nguluwe kuti zithawire kumene kuli mfuti, akuti adzionere okha.

Ndafunsa kuti ndiye mutani? Akuti palibe vuto, mnzawo Lahcen ali ndi timajekete tiwiri, abwereka kamodzi. Adzakavala pamene mlonda wa nkhalango akuwerenga anthu, akatha adzaponya pamwamba jelaba, mkanjo wawo wautali wa chipewa uja. "Onse adzatero, Hadda. Kansalu kameneko kangathe mphindi zingati m'minga? Nanga kuzizira?"

Onse adzatero! Chaka chatha Assou, mwamuna wa mnzanga Yamna, analowa m'thengo ndi jelaba yaubweya yodera ngati yawoyi, chipewa chake atafunda kumutu. Wina anaona chinthu chodera chikugwedezeka, n'kuwombera, basi. Lero Assou akuyenda chokoka mwendo.

Ndawauza kuti ine umasiye sindikuufuna. Iwo angoseka, n'kukweza tipoti m'mwamba monga amachitira, tiyi n'kumagwera m'tambula kuchokera kutali osatayika ndi dontho lomwe. Amandionetsa kuti dzanja lawo silinjenjemera. Ndapsa mtima mpaka sindinamwe.

Lachiwiri, 14 Novembala

Msika wa ku Azrou. Miyendo ikuwawa.

Ndinayamba ndi sitolo ya zida za alenje. Jekete yowala yokhuthala bwino, madirhamu mazana asanu ndi limodzi. Ndinaganiza kuti sindinamve. Mwini sitolo akuti, "Lalla, imeneyi ndi yochokera kunja." Ndinati ibwerere komweko.

Kwa ogulitsa zagalimoto kuli timajekete totchipa, koma tachikasu, ndipo pepala likuti lalanje. Mnyamata wina... ayi, si mnyamata, bambo wandevu zoyera ndithu, anatulutsa kalalanje kamodzi pansi pa tebulo. Ndinangokakoka pang'ono ndi zala ziwiri, msoko n'kuyasama. Akuti, "Mwang'amba, lipirani!" Ndinati bambo, ngati kakung'ambika ndi zala za mkazi, minga ya kumtunda idzakasiyira chiyani? Anthu anaseka, iye ananditukwana chapansipansi.

Ndiye pa mfundo imeneyi a B. akunena zoona, timajeketeti ndi tachabechabe. Koma sindiwauza.

Pobwerera kokwerera basi ndinadutsa pa kaunjika. M'munsi mwa mulu, buluku ndi jekete za okonza misewu, zazikulu zoti anthu awiri angalowemo, zothimbirira phula m'maondo. Koma lalanje lake! Lolasa m'maso. Nsalu yolimba, ndinaikoka ndi mano osatheka. Madirhamu makumi anayi zonse ziwiri. Ndazibisa m'dengu pansi pa anyezi.

Lachitatu, 15 Novembala

A B. apita ndi nkhosa m'mawa, atavala chijekete chakale chifukwa kunali dzuwa. Jelaba anaisiya pa msomali. Kulakwa kwawo.

Nsalu ya lalanje ija ndadula mwaphulamo n'kutaya, yotsalayo n'kusokera pa jelaba. Chigamba chachikulu kumsana, ziwiri pachifuwa, m'mapewa, ndipo chipewa chonse ndachikuta mpaka kunsonga. Chipewacho ndiye nkhani yanga. Thengo la kumtundako limafika munthu m'khosi, choyamba kuoneka ndi mutu.

Singano ziwiri za makina zathyoka. Mizere itatu ya msoko paliponse, timisoko tating'onoting'ono. Ndikudziwa amene ndinakwatiwa naye.

Yamna anandipeza ndili mkati. Anaima pakhomo, n'kuyang'ana zigambazo. Kenako akuti, "Akupha, mchemwali." Ndinati bola andiphe ine, kusiyana ndi kuti aphedwe iwo.

Madzulo. Aiona. Anaitembenuza kawiri. "Jelaba yoluka mayi anga! Wandisandutsa wosesa mumsewu!" Ndinati wosesa mumsewu amabwerera kwawo ndi miyendo iwiri. Chakudya sanadye.

Lachinayi, 16 Novembala

Ndawapeza kuseri kwa khola ndi kampeni, akuyesa kusomola misoko. Ola lathunthu, asomola potalika ngati chala, ubweya wa mayi awo n'kuyamba kunyotsoka. Asiya okha. Ndasokanso pomwepo iwo akuona.

Sitikulankhulana.

Lachisanu, 17 Novembala

Nkhani yafika kumzikiti isanafike jelaba. Potuluka, akuti Lahcen anakuwa, "Bassou, malalanje kilo ndi zingati lero?" Onse gwa ndi phwete. A B. abwera nkhope itagwa, ndipo kunena zoona ndinawamvera chisoni. Zaka makumi awiri akutsogolera agalu, palibe anawasekapo.

Koma abwera ndi chida chatsopano. Akuti bwana Si Abdelhak, wapampando wa bungwe la alenje, wanena kuti lamulo likufuna jekete, osati zigamba za akazi. Ndiye jelaba yanga siilowa, iwo adzavala kajekete ka Lahcen, pamwamba bulangeti lawo lakale lodera. Anazinena mokondwa!

Ndalitenganso pepala lija, ndaliwongola ndi chikhatho. Sukulu ndinalekeza panjira koma kuwerenga ndimatha. Mawu oti jekete palibe. Akuti chovala chowala cha lalanje, chooneka kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali.

Ndapita kwa Yamna kukabwereka chinthu. Analira pochitulutsa m'bokosi, koma wandipatsa.

Loweruka, 18 Novembala

Ndachita zimene mayi anga akanakomoka nazo.

Si Abdelhak ndi anzake anabwera m'mphepete mwa nkhalango kudzaika zizindikiro pomwe alenje adzaime mawa. Ndinakwera ndi mtolo kumutu. Amuna okhaokha, a B. ali pomwepo, atandiona anayang'ana kumwamba ngati akufunsa Mulungu chimene anamulakwira.

Si Abdelhak akuti, "Lalla Hadda, kuno si kwa telala." Ndinati Sidi, ndibwerekeni jekete yanu yakunjayo mphindi zisanu zokha. Anaseka, koma anavula.

Ndinamasula mtolo, n'kuvala jelaba ya Assou, yomwe ija, bowo lake lidakalipo m'chiuno. Pamwamba jekete ya bwana. Chipewa kumutu. Ndinalowa m'thengo mapazi zana, n'kuwerama pang'ono monga amayendera amuna athu, ndikugwedeza nthambi. Ndinakuwa: mukuona chiyani, Sidi?

Anasuzumira m'thengomo. Kenako mmodzi wa iwo, "Chinthu chodera."

Ndinabwerera, ndinasintha, ndinavala ya zigamba zanga ija, n'kukaima pomwe paja. Sindinafunse n'komwe. Wina anati, "Iii, imeneyo ndiye ngakhale wakhungu."

Si Abdelhak anatenga jelaba ya Assou, chala chake chinapeza bowo lija. Tsiku lijalo analipo. Sanasekenso. Anangoti, "Bassou, mawa ubwere ndi ya mkazi wakoyo. Bulangeti ndikaliona ubwerera."

Potsika a B. anali patsogolo, ine pambuyo, minga ili thoo m'miyendo. Pafupi ndi nyumba anatembenuka: "Wandivula pamaso pa amuna anzanga." Ndinati ayi, ndakuvekani. Anangolowa m'nyumba.

Lamlungu, 19 Novembala

Anyamuka kusanache. Aivala. Chipewa anachiponya kumsana, sanachifunde, ndipo sanatsanzike. Ndinawayang'ana akukwera phiri, kadontho ka lalanje pakati pa anthu odera khumi ndi mmodzi, kuseka kwa Lahcen kukumveka mpaka kuno.

Cha m'ma 10 mvula yamawawa. Ndinapemphera kuti izizire kwambiri, afunde chipewacho.

Mfuti zinayamba masana. Nthawi iliyonse ikalira ndimasiya chimene ndagwira. Mkate ndapsereza. Yamna anabwera kudzakhala nane.

Dzuwa likupendeka, agalu anayamba kufika. Kenako iwo. Miyendo iwiri. Chipewa kumutu, chonyowa, minga itakanda lalanje langa paliponse koma osaling'amba.

Analowa, anakhala pansi osavula. Ndinaika tiyi patsogolo pawo. Ananyamula tipoti kuti aikweze monga mwa masiku onse, tiyi n'kutayikira m'thireyi. Anayesanso. Kenako anaitsitsa mpaka mlomo wake unagunda tambula.

Akuti nguluwe yaikulu inadutsa pafupi nawo m'thengo lothithikana, iwo akuitsata chowerama. Atadzutsa mutu anaona mfuti ya dokotala wina wa ku Meknes ikuwayang'ana, mapazi makumi awiri. Munthuyo anaitsitsa, n'kukhala pansi m'matope. Ulenje utatha anabwera pamaso pa onse, anawagwira m'mapewa, n'kuwapsompsona pamutu.

"Pachipewa chako chomwechi," anatero a B., akuloza ndi chala osandiyang'ana.

Ndinali nditakonza mawu ambiri sabata yonseyi. Onse anathawa.

Anamwa pang'ono, tambula ataigwira ndi manja awiri. Kenako anati, "Hadda, nsalu ija yatsalako? Lahcen ali panjapo ndi jelaba yake. Akuopa kulowa."